Kanema wa ukwati akukana kuoneka bwino pa mafoni a achibale: ndimuchepetse bwanji?

Wojambula wa ku Lizulu walemba kuti:

Moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Ine ndimakhala ku Lizulu, ndipo chaka chino ndi chachitatu chiyambire kujambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo m'midzi ya kuno ku Ntcheu komanso mbali ina ya Dedza. Ntchitoyi ndinaiphunzira pongoonerera anzanga, choncho pali zambiri zimene ndimachita osadziwa chifukwa chake, ndipo lero ndafika pa vuto limene ndikupempha kuti mundiunikire.

Mwezi wathawu ndinajambula ukwati cha ku Biriwiri. Nditamaliza kulumikiza zonse pa laputopu, kanemayo anatalika ola limodzi ndi mphindi 40, ndipo fayilo yake inali ya 12 GB. Pa laputopu amaoneka bwino kwambiri, moti maluwa a pa chitenje cha yunifolomu ya akuchikazi mukhoza kuwawerenga limodzilimodzi. Koma eni ukwati alibe malaputopu. Achimwene awiri a mkwati, amene ndiwo analipira ntchitoyi, ali ku Johannesburg. Mayi a mkwatibwi ali ndi foni yaing'ono ya Android imene mwana wawo anawatumizira, ndipo achibale ambiri amaonera pa mafoni a memori yochepa, ndi bandulo imene amagula mochita kuwerengera.

Poyamba ndinadula zidutswa n'kuzitumiza ngati uthenga wa pa foni. Zinapita, koma pa nthawi ya perekaniperekani, pamene anthu akuvina ndiponso ndalama zikuuluka, nkhope zonse zinasanduka timabokosi, ndipo mayi wina anandiimbira kudandaula kuti sakutha kudzizindikira. Kenaka ndinayesa kuika fayilo yonse pa memori khadi, koma inakana kulowa ngakhale kuti malo analipo okwanira. Mnzanga wina anandichepetsera ndipo fayilo yakeyo inalowa, koma pa mafoni awiri mwa asanu amene tinayesa, mawu okha ndiwo ankamveka, chithunzi chili bii. Kodi ndichite chiyani kuti kanemayu aoneke pa foni iliyonse popanda kumaliza bandulo ya anthu? Nanga a ku Johannesburg ndiwatumizire m'njira yanji kuti aziona osadukizadukiza?

Mphunzitsi wa ku Linthipe walemba kuti:

Achimwene a ku Lizulu, mavuto anu atatuwa ali ndi magwero osiyana, ndipo ndiyamba ndi la chithunzi chakuda chifukwa ndi limene limasokoneza anthu ambiri. Dzina loti MP4 limene mumaliona kumapeto kwa fayilo silinena mmene kanemayo anapanidwira. MP4 ili ngati envelopu, pamene kalata ya mkatimo ikhoza kulembedwa m'zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo chilankhulocho ndi chimene amachitcha codec. Foni ikhoza kutsegula envelopu bwinobwino koma n'kulephera kuwerenga kalatayo. Codec imene pafupifupi foni iliyonse ya Android ndi iPhone imawerenga ndi H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003. Mu 2013 kunabwera H.265, imene ena amaitcha HEVC, ndipo iyi imapana kwambiri moti kanema wooneka chimodzimodzi nthawi zina amachepa mpaka pafupifupi theka, koma si mafoni onse akale kapena otsika mtengo amene amaiwerenga, makamaka ikakhala ya 10-bit, imene imasunga mitundu ya pa chithunzi mwatsatanetsatane. Ndikuganiza kuti mnzanuyo anasankha imeneyi pofuna kukuthandizani. Mawu ankamveka chifukwa iwo amapanidwa paokha ndi codec ina, kawirikawiri AAC, imene mafoniwo amaidziwa. Mukatsegula fayiloyo ndi pulogalamu yaulere ya MediaInfo mudzaona nokha chimene chili mkati. Palinso ma codec ena monga VP9 ya Google ndi AV1 imene inatuluka mu 2018, koma zimenezi zisiyireni makampani akuluakulu amene amasunga kanema mmodzi m'mitundu ingapo. Inu amene mukupereka fayilo imodzi yoti iyende m'manja mwa mudzi wonse, khalani pa H.264.

Tsopano za kukula kwa fayilo. Chimene chimalamula si dzina loti 1080 kapena 720, limene limangonena kuchuluka kwa mizere ya timadontho topanga chithunzi, koma bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ya kanema imadya. Tengani 12 GB yanuyo, imene ndi pafupifupi 12,000 MB, muigawe ndi masekondi 6,000 a kanema wanu. Mupeza kuti sekondi iliyonse ikudya 2 MB, ndipo mukachulukitsa ndi 8 mupeza 16 Mbps (megabit pa sekondi, muyeso wa bitrate; mu 1 MB muli megabit 8). Nambala imene ndimauza ana a sukulu kuti aloweze ndi iyi: kanema wa 1 Mbps amadya 7.5 MB pa mphindi, kapena 450 MB pa ola. Choncho mukatsitsa chithunzi kufika pa 480p n'kulola kuti chithunzi ndi mawu pamodzi zidye pafupifupi 1 Mbps, ukwati wonse ukwana mu 750 MB, ndipo pa sikirini ya foni kusiyana kwake ndi kwakung'ono kuposa mmene mungaganizire.

Timabokosi ta pa perekaniperekani tili ndi chifukwa chomveka. Codec siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu chimodzi pakapita masekondi angapo, ndipo pakati pakepo imangolemba zimene zasintha. Abusa akamalalikira ataima pa guwa, chimene chikusintha ndi pakamwa ndi manja basi, khoma ndi maluwa zili pomwepo, motero deta yochepa imakwanira. Koma gule akakolera, palibe chimene chili pamalo amodzi: fumbi likukwera, ndalama zikugwa, zitenje za timaluwa ting'onoting'ono zikuzungulira, ndipo inunso ndi kamera yanu mukukankhidwa ndi anthu. Deta ikapatsidwa malire otsika pa nthawi yotere, codec imataya zing'onozing'ono, ndipo zoyamba kutayika ndi nkhope za anthu amene ali patali pang'ono. Mapulogalamu otumizirana mauthenga amachepetsanso kanema aliyense amene mwatumiza ngati kanema, ndipo sadziwa kuti mphindi imeneyo ndi imene eni ukwati amaikonda koposa. Pa WhatsApp, mukatumiza fayilo ngati Document imapita mmene ilili osachepetsedwanso, ndipo malire ake ndi 2 GB.

Pulogalamu yochepetsera kanema imene ndingakulangizeni ndi HandBrake, yomwe ndi yaulere. Sankhani Fast 480p30, muonetsetse kuti Format ili pa MP4 ndipo Video Encoder ili pa H.264, kenaka Framerate (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi) muiike pa Same as source. M'malo molemba bitrate imodzi ya kanema yense, gwiritsani ntchito Constant Quality n'kuika RF, nambala yolamula kuoneka bwino kwa chithunzi, pakati pa 23 ndi 25. Ubwino wake ndi wakuti ulaliki umapatsidwa deta yochepa pamene gule amapatsidwa yambiri, monga mmene mayi amagawira nsima poona amene wachokera kudimba. Nambala ya RF ikamakwera fayilo imachepa, ndipo kukweza ndi 6 kumaichepetsa pafupifupi ndi theka. Musaiwale kuchonga Web Optimized. Fayilo ya MP4 ili ndi mlozo wouza foni pamene chithunzi chilichonse chili, ndipo nthawi zambiri mlozowu umalembedwa kumapeto. Web Optimized imausamutsira kumayambiriro kuti kanema ayambe kuonetsa asanamalize kutsika. Musanadikire maola kuti kanema yense athe, pa Range sankhani Seconds n'kuyesa mphindi imodzi ya perekaniperekani, chifukwa pamenepo pakaoneka bwino ndiye kuti pena ponse pali bwino.

Fayilo ya 12 GB ija muisunge. Mtundu uliwonse umene mukufuna muzichotsa kwa iyo, osati kwa fayilo imene yachepetsedwa kale, pakuti fotokope ya fotokope imafufutika msanga.

Wokonza mafoni pa boma la Ntcheu walemba kuti:

Zikomo Aphunzitsi, mwafotokoza momveka. Ine ndiyankha za memori khadi zimene simunazikhudze, kenaka pali pamodzi pamene ndikusiyana nanu pang'ono.

Achimwene, memori yanu siinawonongeke. Makhadi ambiri a 32 GB kutsika m'munsi amabwera atakonzedwa mu dongosolo losungira mafayilo lotchedwa FAT32, ndipo FAT32 siilola fayilo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale khadi yonse ikhale yopanda kanthu. Ena amaisintha kukhala exFAT, imene ilibe malire amenewo, koma mafoni ena akale saiwerenga, ndipo mwini foni amabwera kwa ife akuganiza kuti khadi yapsa. Njira yabwino ndi kugawa kanemayo m'zigawo monga mmene tsikulo linayendera: ku tchalitchi, kujambulitsa zithunzi, perekaniperekani, kudula keke ndi malangizo a ankhoswe. Munthu amatenga chigawo chimene akufuna, ndipo kutumizirana pa Xender kapena pa Bluetooth kukaduka pakati, sayambiranso ukwati wonse.

Pamene ndikusiyana ndi Aphunzitsi ndi pa 750 MB. Pa pepala ndi yochepa, koma mafoni amene amafika pa benchi langa tsiku ndi tsiku, a 16 GB kapena 32 GB, amakhala atadzaza kale ndi zithunzi, nyimbo za kwaya ndi mauthenga a mawu a m'magulu a mpingo ndi a banki mkhonde. Ndaonapo agogo akuuzidwa kuti afufute zithunzi za zidzukulu kuti kanema alowe, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni. Ndiye pambali pa 480p, konzaninso kanema wachidule wa mphindi 10 kapena 15 pa 360p, wodya pafupifupi 500 kbps, kutanthauza theka la 1 Mbps. Ameneyu amadya 3.75 MB pa mphindi, choncho mphindi 10 sizifika ngakhale 40 MB, ndipo ndi amene adzayende kwambiri pakati pa achibale. Masikirini a mafoni ambiri otsika mtengo ndi a 480 kapena 720 m'lifupi, motero kuwapatsa 1080 ndi kungowasenzetsa katundu amene sangamuonetse.

Wina akhoza kukuuzani kuti muike pulogalamu yoonetsera makanema ya VLC pa mafoni awiri aja ndipo H.265 idzaonetsa. Nthawi zina zimatheka, koma dziwani chimene chimachitika mkati. Foni ili ndi kachigawo kapadera kowerenga codec imene inapangidwira, ndipo kameneka kamagwira ntchito mosadya moto wambiri. Codec ikakhala yachilendo, ntchito yonse imagwera purosesa, foni imatentha kumsana, chithunzi chimayenda modumphadumpha, ndipo batire imatha ukwati usanafike pa keke. Kwa munthu wa ku Tsangano amene amatchaja pa sola kapena amalipira pa malo ometera tsitsi, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Ngati kamera yanu ndi ya mtundu umene umatulutsa mafayilo a MTS, samalaninso ndi mawu, chifukwa kawirikawiri amakhala mu codec ya AC-3, ndipo mafoni ena amaonetsa chithunzi koma osatulutsa mawu. Pa HandBrake onetsetsani kuti mawu asinthidwa kukhala AAC. Kwa a mafoni a mabatani, chithunzi chisapitirire 320 ndi 240, ndipo ambiri amalandira mafayilo a mtundu wa 3GP, koma mafoni amenewa amasiyana kwambiri moti palibe chidule china koposa kuyesa pa foni yeniyeniyo. Ine ndimasunga foni imodzi yakale m'dirowa ya ntchito yomweyi, ndipo anyamata obena nyimbo pa msika amabwera kudzayesera pomwepo.

Mlembi wa kwaya ku Bembeke walemba kuti:

Bambo a ku Lizulu, ine si katswiri wa makompyuta, koma ndakhala ndikusamala makanema a kwaya yathu kwa zaka zingapo ndipo pali zimene ndaziona ndi maso. Abambo awiriwa alankhula kwambiri za chithunzi, ine ndilankhula za mawu. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamakhadzula amatseka kanema nthawi yomweyo. Amayi achikulire a m'kwaya mwathu maso awo anafooka, komabe nyimbo ikangoyamba amatchula amene watsogolera ndi amene walowa mochedwa. Choncho pochepetsa fayilo musamane mawu. Pa zolankhula 64 kbps ikhoza kukwanira, koma pamene pali kuimba ife timaika 96 kapena 128 kbps, ndipo zimenezi zimangowonjezera pang'ono pa fayilo poyerekeza ndi zimene chithunzi chimadya. Kuno ku Bembeke mphepo ya mwezi wa June ndi July imawomba mu maikolofoni a kamera ngati mkuntho, ndiye tinaphunzira kujambula mawu paokha kuchokera ku mikisa ya zokuzira mawu, n'kudzawalumikiza ndi chithunzi pambuyo pake.

China chimene chinatithandiza ndi kuimika kamera pa choikapo cha miyendo itatu. Kale tinkajambula pamanja, ndipo titasiya tinadabwa kuona kuti mafayilo akuchepa pa RF yomweyo. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake kuchokera kwa Aphunzitsi: khoma la tchalitchi likakhala chete, deta imapita ku nkhope za oimba. Tinaonanso kuti tikajambula usiku pansi pa magetsi ena, chithunzi chinkaphethiraphethira, ndipo zinasiya titaika kamera pa zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 30, popeza magetsi a kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi (50 Hz).

Za achibale a ku Johannesburg, ife timagwiritsa ntchito YouTube. Kanema wa banja mukhoza kumuika pa Unlisted kuti aziona okhawo amene mwawatumizira linki, ndipo ndi bwino kufunsa kaye eni ukwati musanaike, chifukwa si onse amene amafuna kuti za kunyumba kwawo zikhale pa intaneti. Akaunti yatsopano siilola kanema wopitirira mphindi 15 mpaka mutaitsimikizira ndi nambala ya foni. Dziwaninso kuti nyimbo za oimba ena zimene woulutsa nyimbo anaika pa madyerero zikhoza kuzindikiridwa, ndipo nthawi zina kanemayo amatsekedwa m'maiko ena. Ine ndikafuna kukweza kanema wamkulu ndimapita pa boma la Dedza m'mawa kwambiri, pamene netiweki imakhala isanachulukidwe ndi anthu. Chimene sindinachimvetse, ndipo ndikupempha Aphunzitsi atithandize, ndi chakuti kanema yemweyo wina amamuona bwino osadukiza, pamene wina akudandaula kuti bandulo yatha pa mphindi zochepa.

Mphunzitsi wa ku Linthipe walembanso kuti:

Achimwene okonza mafoni, za kanema wachidule wa 360p ndikugwirizana nazo, ndipo za FAT32 ndinaziiwala. Amayi a ku Bembeke, funso lanu likukhudza kusiyana kwa kutumiza fayilo ndi kuonera kanema ali pa intaneti pomwepo.

Mukakweza kanema pa YouTube, iwo samupereka kwa oonera mmene mwamuperekera. Amamupananso m'milingo ingapo, kuyambira 144p, 240p, 360p mpaka pa mlingo umene inu munakweza, ndipo mlingo uliwonse umadulidwa m'tizidutswa ta masekondi ochepa. Foni imatsitsa kachidutswa kamodzi, imayeza kuti katenga nthawi yaitali bwanji, ndiye imasankha mlingo wa kachidutswa kotsatira. Netiweki ikafooka imatsikira pa mlingo waung'ono kuti kanema asaime, ndipo ikalimba imakweranso. Njira zodziwika za kachitidwe kameneka ndi HLS, imene Apple inatulutsa mu 2009, ndi MPEG-DASH, imene inasindikizidwa mu 2012. Ndi chifukwa chake munthu ali m'minibasi kuchoka ku Ntcheu kupita ku Dedza amaona chithunzi chikuyera ndi kufufutika malinga ndi mapiri amene akudutsa.

Vuto lake ndi lakuti foni ikakhala pa Auto imayang'ana kwambiri liwiro la netiweki, siidziwa kuti bandulo mwagula ya ndalama zingati. Amene ali pafupi ndi nsanja ya netiweki ndi amene amapatsidwa chithunzi chachikulu, ndipo ndi amene bandulo yake imatha msanga. Potumiza linki, lembani pansi pake kuti a kuno kumudzi alowe pa Quality asankhe Data saver kapena 360p asanayambe kuonera.

Popeza iwo adzapananso, musawapatse fayilo ya 480p ija. Konzani ina ya 720p ya pafupifupi 2.5 Mbps, imene pa kanema wanu ikwana pafupifupi 1.9 GB, kuti a ku Johannesburg aone zooneka bwino. Mukangomaliza kukweza musafulumire kutumiza linki, chifukwa milingo yaing'ono ndi imene imayamba kukonzedwa, ndipo woyamba kutsegula akhoza kuganiza kuti ntchito yanu ndi yosaoneka. Tsiku limene adzakupempheni kuulutsa mwambo uli mkati, chimene chidzafunike ndi liwiro lokweza, osati lotsitsa. Mudzaliyeze pa bwalo lomwelo, n'kuika bitrate pa theka la zimene mwapeza, pokumbukira kuti anthu akadzadza pa bwalo ndi mafoni awo liwirolo lidzatsika.

Wojambula wa ku Lizulu walembanso kuti:

Ndikuthokoza nonse atatu chifukwa cha nthawi yanu. Ndinatsegula fayilo ya mnzanga ija ndi MediaInfo, ndipo inalembadi HEVC ndi 10 bits monga Aphunzitsi anaganizira. Ndinabwerera ku fayilo ya 12 GB, ndinayesa kaye mphindi imodzi ya perekaniperekani pa RF 25 ndi pa RF 23, ndipo ndinasankha 23 chifukwa pa 25 nkhope za amene anali kumbuyo zinkafufutikabe. Zigawo zisanu pamodzi zakwana pafupifupi 900 MB, kupitirira pang'ono zimene tinawerengera, ndipo zaonetsa pa mafoni onse asanu. Wachidule wa mphindi 12 ndinamutumiza ngati Document. Dzulo ndinapita ndekha ku Biriwiri ndi memori khadi, ndipo mayi a mkwatibwi anaonera chigawo cha malangizo a ankhoswe kawiri atakhala pa mkeka pakhonde, foni ataitsamiritsa pa mtondo, akutchula dzina la aliyense amene waonekera.

Vuto limene latsala lili pa chigawo chimene ndinajambula madzulo. Ngakhale ndi chachifupi kuposa cha ku tchalitchi, fayilo yake ndi imene yakula koposa, ndipo mumdima muli timadontho tonga mchenga timene timayendayenda. Ndikuganiza kuti codec ikutiwerenga ngati zinthu zosintha, monga fumbi lija. Pa HandBrake ndaona Denoise ndi NLMeans pansi pa Filters, zimene ndi zochotsera timadontho totere, ndipo nditayesa mphindi imodzi laputopu inachedwa kwambiri. Kodi ndiike pa Light kapena pa Medium kuti nkhope zisaoneke ngati zopaka? Loweruka likubwerali ndili ndi chinkhoswe ku Kampepuza chimene chidzafike mpaka kumdima, ndipo ndabwereka kale choikapo kamera ndi nyale imodzi ya batire.